Nyanja Yanga Inagulitsidwa Ine Ndili pa Windo

Ndinasunga nyanja pabalaza panga zaka zinayi, kuno ku Maramba, koma tsiku loigulitsa sanandilole n'kulowa m'nyumba komwe. Nyumba yangayanga, imene malata ake ndinakhoma ndekha mpaka chala ichi chinapindika. Mpaka lero ndikaikumbuka nkhaniyi, tiyi sakoma.

Ndikati nyanja musaganize kuti nkhalamba yayamba kusokonekera. Inali thanki ya galasi, kutalika kwake ngati bedi la munthu mmodzi, itakhala pa kabati yakeyake ya matabwa olimba. M'kati munali madzi amchere, osati a mu Zambezi ayi, koma ngati a ku nyanja yaikulu imene ine sindinaionepo ndi maso. Munali miyala yobookabooka yochokera kunyanja komweko, ndipo pamiyalapo panamera tinthu tokhala ngati maluwa, tina tobiriwira, tina tofiirira, tina ngati bowa. Azungu amati korali. Si maluwa, ndi zamoyo, ukayandikitsa chala zimadzipinda. Nsomba zinali zisanu: ziwiri zaolenji za mizere yoyera zimene sizinkasiyana, ina yachikasu yopyapyala ngati tsamba, ndi tiwiri tabuluu tokonda ndewu.

Ndinaipeza chonchi. Ine ndine wa kum'mawa, ndinabwera ku Livingstone ndili ndi tsitsi lonse, ndipo ndinagwira ntchito zaka zambiri pa loji ina ya m'mbali mwa mtsinje, panjira yopita ku Mosi-oa-Tunya. Sukulu ndinalekezera panjira, koma pampu iliyonse imandimvera. Mapaipi, dziwe losambiramo, zonsezo zinali m'manja mwanga. Mwini lojiyo anaika thankiyi mu bala, kuti alendo amene aonera madzi akugwa tsiku lonse azionerakonso madzi atakhala phee. Ndiye amene anandiphunzitsa kusungunula mchere, kuyeza madzi, ndi kudyetsa nsomba chakudya chongokwana pansonga ya chala. Matenda aja otiveka nsalu kukamwa atabwera, alendo anasowa, loji inagulitsidwa, ndipo eni atsopano anati bala akuiphwasula. "Tayani izi," anatero. Ine kutaya nsomba zimene zinkadziwa mapazi anga? Ndinapempha, anandipatsa zonse, ndi ndowa za mchere zimene zinatsala m'sitolo, akuseka.

Kunyumba thankiyo inandipatsa ulemu wosagula. Aneba akabwera ndinkawauza kuti yachikasuyo imamva Chingerezi chokha, ndipo anthu akuluakulu a ndevu ankagwada pagalasi n'kumaipatsa moni wa kusukulu. Akazi anga okha ndi amene sankatengeka. Iwo ndi Mlozi wa ku Mongu, anakulira pakati pa nsomba, ndipo ankati sanaonepo mwamuna wodyetsa ndiwo m'malo moti ndiwo zimudyetse.

Koma moyo wa nyanja yotere uli pa soketi. Pampu ikaima maola angapo, madzi amafa, ndipo madzi akafa zonse zimatsatira. Chaka chimene mvula inakana chija, magetsi anayamba kubwera ngati wobwereka moto, kungosuzumira n'kuchoka. Ndinagula batire ya galimoto ndi kainvata kuti pampu isaime. Nthawi yotentha ndinkayendayenda kwa anthu a mafiriji kupempha mabotolo a madzi oundana, kudzayandamitsa m'thanki kuti madzi asawire. Kenako ndinatsegula ndowa yomaliza ya mchere. Mchere wa pamsika sugwira ntchito, ungaphe zonse tsiku limodzi. Weniweniwo amabwera nawo a mathiraki ochokera kumwera, ndipo mtengo wake penshoni yanga ikaumva imathawa. Ndinakhala pansi n'kuvomera kuti ndagonja. Ndigulitse, koma kwa munthu amene adzazisunge zamoyo. Galasi ndi galasi, aliyense angagule. Chimene ndinkafuna n'chakuti nsomba zanga ndi korali wanga zisafere m'manja mwanga.

Panalinso chifukwa china chondithamangitsa, chimene sindikanachitchula mokweza. Alamu anga, akulu awo a akazi anga, mayi wamasiye, anabwera kuchokera kumudzi akudwala kwambiri, ndipo anagonekedwa m'chipatala kuno. Aliyense woona ankadziwa kumene zikupita. Ankadziwanso kuti maliro adzakhala panyumba panga, pakuti pa abale onse a m'tauni ine ndiye ndili ndi bwalo. Tsono mukudziwa zimene zimachitika pabalaza pa nyumba ya maliro. Mipando, tebulo, kabati, wailesi yakanema, zonse zimatulutsidwa panja. Amayala mphasa, azimayi amakhala m'kati, amuna panja. Thanki yodzaza madzi simungainyamule ngakhale muitane amuna a mzere wonse wa nyumba. Mukaikhuthula mwapha zonse.

Nanga munthu ungawauze bwanji akazi ako kuti, mayi, akulu anuwa atandidikirako pang'ono ndipeze wogula? Koma kuchipatala ndinkapita tsiku lililonse, nditanyamula zipatso, ndipo ndinkawapempherera alamu anga mwamphamvu mpaka odwala a pabedi loyandikana ankayankha ameni. Akazi anga anandigwira dzanja tsiku lina potuluka n'kunena kuti, "Bo-ndate, sindinkadziwa kuti mumawakonda chonchi akulu anga." Ndinkawakonda, zoona. Koma Mulungu akudziwa kuti m'pempheromo munalinso nsomba.

Mwana wanga wamkazi, amene amagulitsa zovala m'tauni, anajambula thankiyo n'kuika zithunzi pa gulu la malonda la pafoni. Foni inayamba kulira, ndipo mavuto anga anayambira pomwepo.

Woyamba kufika anali mwini bala ina ya kuno ku Maramba, mimba patsogolo, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ba mudala, izi zikula kufika pati?"

"Zakula kale. Pamenepo ndiye pomaliza."

"Awe! Manje nizadya bwanji? Olo mwana sangakhute." Anagogoda galasi ndi kiyi. "Chabwino, tayani tumadzi utu na tumiyala, nifuna chabe galasi. Nizaikamo ma bream amoyo, kasitomala azisankha yekha yowotcha."

Ndinamuuza kuti nsomba zangazi zinakwera ndege, pamene iye sanafikepo ngakhale ku bwalo la ndege. Anachoka osatsanzika.

Anabweranso wometa tsitsi amene ankafuna magetsi abuluu okha, oti akongoletsere shopu yake. Anabwera mkulu wina wosema ziboliboli wa ku Mukuni, waulemu kwambiri, chipewa m'manja, amene anati ndimugulitse miyala yokha, akaiyanike padzuwa iyere bwino, azigulitsa kwa alendo pamodzi ndi mvuu zake zamatabwa. Ndinamufotokozera kuti miyalayo ndi yamoyo. Anagwedeza mutu mondimvera chisoni, n'kunena kuti naye agogo ake atakalamba ankalankhula ndi mitengo.

Oipitsitsa anali ogula osagula. Munthu amaimba foni ndi mawu a bwana, amafika ndi mkazi ndi ana atatu, onse atasamba, amakhala pamipando yanga ola lathunthu akuonera nsomba, akazi anga amawapatsa tiyi chifukwa mlendo ndi mlendo, kenako bamboyo amaimirira n'kunena, "Nizakutumilani foni, ba shikulu." Mpaka lero ndikudikira. Shuga anatha m'nyumba, mchere m'ndowa ukutsika, ndipo kuchipatala alamu anasiya kudya.

Ndiye tsiku lina kunaimba mayi wina. Sanafunse kuti zimadyedwa kapena ayi. Anafunsa kuti mchere uli pa mlingo wanji, madzi ndimasintha kangati, ndipo ziwiri zaolenjizo zinayamba zaikirapo mazira kapena ayi. Ndinakhala pansi. Zaka zinayi palibe anandifunsapo funso lanzeru. Anati ndi dokotala wa mano, ali ndi kachipatala kake m'tauni, magetsi ake ndi a dzuwa, sazima. Anali atasungapo thanki yaing'ono pamene ankaphunzira kunja, ndipo ankafuna yaikulu yoika pamene odwala amadikirira. Vuto linali limodzi: anali ku Lusaka, adzabwera Loweruka masana kudzaona.

Alamu anamwalira Lachitatu m'mawa.

Ndinalira, musandiweruze msanga. Anali munthu wabwino, ndipo ndi iwo amene anandilankhulira kwa makolo pamene ndinkafunsira, Mchewa wopanda ng'ombe. Koma dzuwa lisanafike pamutu amuna anali atayamba kale kutulutsa mipando, ndipo ine ndinali nditaima patsogolo pa thanki, manja nditatambasula ngati wapolisi wa pamsewu.

Mlongo wawo wamkulu wa akazi anga, mkulu wosaseka wamba, ndiye ankatsogolera zonse. Anaima n'kundiyang'ana.

"Mulamu, ichi nacho chituluke. Azimayi akhala pati?"

"Alamu, ichi sichituluka. Chikatuluka tikhala ndi maliro awiri."

"Ni nsomba chabe."

"Ndi nsomba, inde. Koma yesani kunyamula muone."

Anayesa amuna anayi. Kabati sinasunthe, koma mmodzi anagwira msana n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse. Anagwirizana kuti thanki ikhale, koma aiphimbe, chifukwa si bwino anthu akulira kwinaku nsomba zikuvina. Anaiphimba ndi zitenje ziwiri. Ndinathimitsa magetsi ake, ndinasiya pampu yokha, ndinaloza soketi n'kuuza azimayi onse amene analimo kuti, chonde, apa pasakhudzidwe. Onse anati amva. Ndinatuluka kukakhala ku tenti ndi amuna anzanga.

Pamaliro pamabwera anthu ochokera kutali, ndipo aliyense amabwera ndi foni yakufa. Magetsi akangobwera, nyumba yonse imasanduka yosaka soketi. Pabalaza panga soketi ndi imodzi. Ndinasuntha mpando wanga kuchoka ku tenti, ndinakauika pansi pa windo la pabalaza, khutu kukhoma, kuti ndizimva kulira kwa pampu. Ikangoti zii, ndinkaimirira n'kusuzumira.

"Amayi, mwazula!"

"Awe, ba tate, ni pang'ono chabe. Nifuna kutumila ba ku Senanga, sibaziba njila."

"Bwezerani!"

Ankabwezera, ndikakhala pansi wina ankazula. Masiku awiri ndinakhala pansi pa windo limenelo, mutu nditatsamira kukhoma, maso nditatsinzina. Abusa atabwera kudzatonthoza anandiona, ndipo polalikira anati taonani mkamwini uyu, chisoni chamulekanitsa ndi anzake, akufuna kukhala pafupi ndi nyimbo. Anthu anatembenuka kundiyang'ana. Ndinaweramitsa mutu, nanga ndikanatani?

Koma a mafoni anali ang'onoang'ono. Akuluakulu anali ambuya. Kwa amene simudziwa, kuno Atonga ndi Alozi ndi pachimbuya, chibale cha nthabwala. Mlozi akamwalira, Atonga ndiwo amagwira ntchito zonse, kuphika, kutunga madzi, kusesa, ndipo malipiro awo ndi ufulu wonena ndi kuchita chilichonse. Amanyoza ofedwa, amawapaka ufa kumutu, amawalipiritsa tindalama pa milandu yopeka, ndipo palibe wokwiya. Wokwiya ndiye wachita manyazi. Mtsogoleri wawo pamaliro athu anali neba wathu, mayi wamkulu thupi, wogulitsa nsomba zouma pamsika wa Maramba, mawu ake omveka mpaka ku siteshoni ya maminibasi. Sipanapite nthawi, anakweza chitenje.

"Imwe banthu, bwelani muone! Balozi balemela, manje basunga ndiyo mu galasi! Ise tivutika na kabichi panja, kansi nsomba zili muno!"

Anabwera pawindo atanyamula chiwaya n'kundifunsa kuti ndimakonda yokazinga kapena yamsuzi. Ndinalipira kuti aike chiwaya pansi. Anabweranso atanyamula pulagi ya pampu m'manja, akuti waigwira ikuba magetsi a malemu. Ndinalipiranso. Ndinayesa kumuuza kuti ine si Mlozi, ambuya anga ndi Abemba, iye alibe nane mlandu.

"Iwe mudala, unakwatila kapolo wathu. Zonse za muno ni zathu, na iwe pamodzi."

Azimayi m'katimo anaseka mpaka akazi anga, amene sanamwetulirepo kuyambira Lachitatu, anabisa nkhope m'chitenje. Pamenepo ndiye pamene pankandipweteka, chifukwa mayiyo ankagwira ntchito yake bwino.

Lachisanu magetsi sanabwere n'komwe. Ndinalumikiza batire kudzera pawindo, ndinamva pampu ikulira, ndipo ndinapita ndi alamu aamuna kukaona za bokosi ndi manda. Tinachedwa kumeneko. Pobwera ndinamva kwaya ya kumpingo ikuimba mokoma kwambiri, mawu akutuluka pa sipika. Ndinaima pageti n'kudzifunsa kuti sipika ikulira ndi chiyani magetsi kulibe. Ndinathamanga, ine wa mawondo awa. Batire yanga inali panja, pansi pa tebulo la kwaya. Pampu inali itaima kuyambira m'mawa.

Nditasuzumira pansi pa chitenje, madzi anali achita mbuu. Korali wina, wokhala ngati bowa, anali atayamba kusungunuka. Nsomba zinali pamwamba zikupuma movutika, ndipo kabuluu kamodzi kanali katagona chammbali pamchenga. Ndinalanda batire pakati pa nyimbo, mtsogoleri wa kwaya akundiyang'ana ngati wakuba m'tchalitchi.

Mbuya uja anakatulutsa kansombako, anakakulunga m'tsamba la kabichi, anakaika pa mbale, n'kuyamba kuzungulira nako ku tenti akulira mokweza kuti mwana wa mwini nyumba watisiya, tisonkhe za bokosi. Amuna anaseka mpaka kutsokomola. Nane ndinaseka, mano okha. Kansomba kameneko ndinakasunga zaka zisanu ndi zinayi, kuwerengera za ku loji.

Dokotala uja sindinamuuze za maliro. Ndivomere, ndinachita dala. Ndinkaopa kuti akamva adzati tidikire mwezi uthe, ndipo mmene madzi analili, mwezi kunalibe, sabata kunalibe. Loweruka tinaika maliro m'mawa. Titabwerako kumanda, tikusamba m'manja pageti, galimoto yoyera inaima pamsewu. Anatuluka mayi wachitsikana wovala thalauzi ndi magalasi, anaona tenti, anaona azimayi a mipango kumutu, ndipo anagwira pakamwa.

"Pepani kwambiri, bambo, sindinadziwe. Ndibwerenso tsiku lina."

"Ayi, mayi, musapite. Zikufa."

Ndinanena motsitsa mawu, koma alamu aamuna anali kumbuyo kwanga. Anandikokera pambali.

"Mulamu, mwaitana kasitomala pa malilo ya mulongo wanga?"

"Tinapangana kale, alamu, asanamwalire."

"Mwine wa nyumba sachita malonda lelo. Banthu bazakamba chani? Nkhalani pansi."

Anali ndi chilungamo, ndipo n'chimene chinandikwiyitsa kwambiri. Ndinali ndikuganiza zogwada pamene mbuya uja anatulukira kukhitchini, manja ali ufa okhaokha. Anamupatsa moni dokotalayo, dokotalayo anayankha, ndipo kayankhidwe kake kanamuulula. Anayamba kulankhulana Chitonga. Mbuya anakuwa ngati watola ndalama.

"Uyu ni wathu! Mwana wa kwathu, dokota! Wabwela kutenga katundu wathu kuli bakapolo!"

Anamuveka chitenje pamwamba pa thalauzi, anamugwira dzanja n'kulowa naye m'nyumba. Mwini nyumba sachita malonda pamaliro, koma mbuya amachita chimene wafuna, ndipo alamu aamuna anangoyang'ana kumbali. Ine ndinabwerera pamalo panga, pawindo.

Ndinaonera zonse kudzera m'zitsulo za windo ngati wandende. Dokotala anayamba wagwada kwa akazi anga kupepesa, kenako anachotsa zitenje. Anayang'ana madzi, anayang'ana korali wosungunuka uja, nkhope yake inasintha. Zinthu zimene ndinakonzeka kumuuza sabata yonse, za mbiri ya mwala uliwonse, za mmene thankiyo imawalira magetsi ake akayaka, zonse zinatsala nane pawindo. Ankaiona pa tsiku loipitsitsa m'moyo wake.

"Mayi, sikhala chonchi masiku onse!" ndinatero pawindo. "Pampuyo ndi yatsopano, ndinasintha chaka chatha!"

"Chongo! Khala chete, iwe wa pa windo," anatero mbuya. "Tili pa miting'i."

Ndiye mbuya anayamba kutsatsa malonda anga, koma chobwerera m'mbuyo. Anati galasi ndi lokalamba ngati mwini wake. Anati nsomba n'zowonda, Alozi sadziwa kudyetsa. Anati imodzi yafa dzulo, zinazi zikungodikira tsiku. Dokotala anayesa kumuletsa, akuseka mwamanyazi, koma anaonjeza yekha mwaulemu kuti zoona, madziwo awonongeka, sakudziwa kuti zipulumuka zingati, ndipo sangalipire mtengo umene tinakambirana pafoni. Anatchula wake. Mtengo umene ndinamva pawindopo unali wogulira njinga yakutha.

"Ayi!" ndinakuwa. "Kabati yokhayo, mayi, kabati yokhayo imaposa pamenepo!"

Pamenepo akazi anga anadzuka pamphasa. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa miyendo ya azimayi mpaka pawindo, maso ali otupa, ndipo analankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Bo-ndate, ine ndaika akulu anga lero. Anthu awa sachoka mawa, ena akhala sabata yonse, ndipo mafoni awo ali nawo. Nsomba zanu zikapitiriza kufa muno, mudzalira kuposa ine, ndipo abale anga adzaona. Mukufuna ndalama kapena mukufuna zikhale moyo?"

Ndinayang'ana thanki. Ziwiri zaolenji zija zinali pakona, zitagundana, zikupuma mofulumira. Ndinafuna kunena zambiri. Ndinafuna kunena kuti zonse ziwiri ndikuzifuna, ndipo ndikuyenera kuzipeza, ndinavutika nazo. Koma ndinangogwedeza mutu movomera.

"Atenge lero," anatero akazi anga potembenuka. "Pompano."

Dokotala anabwera kudzaona chabe, analibe chotengera. Koma panyumba ya maliro ndowa sizisowa. Ambuya anakhuthula ndowa zotungira madzi, anazitsuka, anabwera nazo pamzere. Apa tsono anandifuna, ngakhale sanandilowetse. Ndinkalamula ndili pawindo. Sopo ayi! Yambani mwatunga madzi a m'thanki momwemo! Mwala usakhale pamphepo, uchoke m'madzi ulowe m'madzi! Musagwire pamaluwapo, gwirani pansi! Azimayi a mipango yakuda ankapatsirana miyala yanga ngati akulandirana makanda, ena akunyansidwa, ena akufunsa ngati imaluma.

Yachikasu ija inkanditengera theka la ola kuti ndiigwire ndi kaukonde. Mbuya analowetsa sefa ya tiyi ndi dzanja limodzi, kamodzi kokha, nsomba ili m'ndowa. Anandiyang'ana pawindo, ndipo kayang'anidweko kanandipweteka kuposa zonse zimene ananena masiku anayi. Ziwiri zaolenji zinabisala kumbuyo kwa paipi, zinakana aliyense. Akazi anga anapinda manja a bulauzi, anamiza manja onse awiri m'madzi, anadikira phee ngati mmene ankachitira ali mtsikana kumadambo a kwawo, ndipo anazitulutsa zonse ziwiri pamodzi m'manja. Zaka zinayi sanakhudzepo madzi amenewo.

Thanki itapepuka, amuna omwe aja anainyamula mosavuta, ndi wa msana uja yemwe. Anaikweza pa kalole ka mmodzi wa olira, dokotala anaika ndowa m'galimoto mwake, ndipo mbuya anamupaka ufa pamphumi pomutsanzika, ngakhale kuti ufa ndi wa Alozi, akuti asapite wopanda chizindikiro. Ndinapempha alamu aamuna kuti ndiperekeze katundu. Anati pali msonkhano wa banja, mkamwini sangachoke. Ndinalemba malangizo kuseri kwa pepala la nyimbo za maliro, ndi zilembo zanga zokhotakhota, ndinampatsa dokotala pamodzi ndi mchere wotsala. Ndinakhala pa msonkhanowo maola atatu tikukambirana za madiresi a malemu ndi mbuzi zawo ziwiri, mtima wanga uli m'ndowa.

Lolemba ndinakwera minibasi kupita m'tauni. Nsomba zinayi zonse zinali zamoyo. Korali wa bowa uja anafa, ndi wina wofiirira, koma otsalawo anali atatseguka. Madzi anali oyera ngati mulibe madzi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka mayi wa pa tebulo lolandirira odwala anandifunsa kuti dzino lowawa ndi liti.

Koma miyala anaipanga molakwika. Mwala waukulu wa korali wobiriwira, umene ine ndinkauika pamwamba pafupi ndi kuwala, dokotala anauika pansi pakona, akuti pamenepo ukuoneka bwino munthu akakhala pampando. Ndinamudikira atuluke, ndinamufotokozera bwinobwino kuti pamenepo ufa, umafuna kuwala, ine ndakhala nawo zaka zambiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anati zikomo kwambiri bambo, n'kuitana wodwala wotsatira. Mwalawo sanausunthe.

Ndimapitako kamodzi pamwezi, ndikatenga penshoni. Ndimakhala pakati pa anthu ogwira masaya, ndipo ana akafunsa mayina a nsomba ndimawauza zimene zandibwerera tsiku limenelo. Ulendo uliwonse ndimayamba ndayang'ana pakona paja, ndikuyembekeza kuti ndipeza wobiriwirayo atayera, kuti ndikagogode pachitseko cha dokotala ndi chala changa chopindikachi. Mwezi wathawu ndinapeza atakula mpaka wayamba kukwera pagalasi. Kwa ine sanachitepo zimenezo. Ndinadzuka n'kupita kukakwera minibasi osatsanzika munthu.